Mdzukulu wanga sagwiranso buku, kodi ndimulande foni?

Mayi wina wa ku Mabvuku, dera la mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, walemba motere: "Aphunzitsi, ndikulera mdzukulu wanga wamwamuna wa zaka 14, ali Fomu 2. Amake ali ku Johannesburg, ndipo ndi amene anamugulira foni kuti azilankhulana. Ali wamng'ono ankakonda mabuku a zithunzi, koma tsopano sagwira buku pokhapokha mayeso akayandikira. Ndikamuuza kuti awerenge, amatsegula buku n'kumangoliyang'ana, pakapita kanthawi wagona kapena watenga foni. Lipoti la teremu yatha silinali bwino, makamaka Chingerezi, Sayansi ndi Mbiri. Anzanga a chigwirizano ena akuti ana onse a masiku ano ndi otero, ena akuti ndimulande foniyo. Paja amati m'mera mpoyamba. Kodi ndachedwa?"

Simunachedwe ayi, mayi. Ndaphunzitsa Chingerezi m'masukulu a muno mu Harare kwa zaka zoposa 30, ku pulayimale poyamba kenako ku sekondale, ndipo ndaona ana ambiri amene anadzakonda buku ali Fomu 3, ena atamaliza kale sukulu. Mawu amene andilimbitsa mtima m'kalata yanu ndi akuti ali wamng'ono ankakonda mabuku a zithunzi. Ndiye kuti chilakolako chinalipo. Pali chimene chinachitika pakatipa, ndipo tiyambe tachipeza tisanathamangire kuimba foni mlandu.

Ndikupempheni chinthu chimodzi musanachite china chilichonse. Madzulo ena, tsiku limene simunakalipirane, mumupemphe kuti akuwerengereni mokweza tsamba limodzi la buku lake la Mbiri kapena la Sayansi. Musamuuze kuti mukumuyesa. Ingonenani kuti mukufuna kumva zimene akuphunzira masiku ano. Ngakhale Chingerezi chanu chitakhala chochepa, khutu lanu lidzakuuzani zambiri. Mvetserani ngati mawu akutuluka monga a munthu amene akucheza, akupuma pamene chiganizo chathera, kapena ngati akudodoma, kubwereza mzere womwewo, kumeza mathero a mawu aatali, chala chili pa tsamba. Akamaliza, tsekani bukulo, mumuuze akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chishona zimene wawerengazo. Aphunzitsi tilinso ndi kanjira kena kosavuta: mwana apinde chala chimodzi pa liwu lililonse limene sakulidziwa. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, bukulo lamukulira.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa mukaima pakhomo n'kuyang'ana ana awiri amene akukana buku, amaoneka ofanana, chonsecho matenda awo ndi osiyana. Wina amawerenga bwinobwino koma sakuona chifukwa chowerengera. Winayo kuwerenga kumamupweteka, ndipo waphunzira kubisa.

Ndikukumbukira mnyamata wina wa Fomu 1, wochenjera pakamwa, wotha kufotokoza masewera a Dynamos kuyambira pamene mpira unayambira mpaka wezulo yomaliza. Nthawi yowerenga mosinthana ikafika, iye ankawerengera anzake a mumzere kuti adziwe ndime imene idzamugwere, n'kuyamba kuiloweza chapansipansi. Tsiku lina ndinasintha, ndinayambira kumbuyo kwa kalasi. Mnyamata uja anaimirira thukuta lili kamukamu, buku likunjenjemera m'manja, ndipo liwu lachitatu linamukanika. Kalasi yonse inaseka. Zinandiwawa mtima kwambiri, chifukwa teremu yapitayo ndinali nditalemba pa lipoti lake kuti ndi waulesi. Tinayamba kukumana nthawi ya nkhomaliro, mphindi 15 zokha, ndi timabuku ta Giredi 4 timene ndinatikutira ndi nyuzipepala kuti anzake asaone. Pofika kumapeto kwa chaka chotsatira ankabwera yekha kudzabwereka tsamba la masewera la The Herald, n'kudzandiuza mawa lake kuti mtolankhaniyo sanaonere bwino mpirawo.

Ana otere achuluka. Mwana amene ali Fomu 2 lero anali Giredi 3 kapena 4 pamene sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Zaka zimenezo ndi pamene mabuku a zithunzi amatha, zilembo zimachepa, masamba amadzaza, Chingerezi n'kuyamba kulimba. Mwana amafunika mphunzitsi pafupi kuti awoloke pamenepo, ndipo ambiri anafika pa dooko palibe wowawolotsa. Sukulu zitatsegulidwa anangopitirira ku kalasi yotsatira. Mu 2022 World Bank ndi mabungwe ena anaulutsa lipoti lonena kuti m'mayiko osauka ndi apakati, ana 70 mwa 100 alionse a zaka 10 sankatha kuwerenga kankhani kafupi n'kukamvetsa, pamene mliri usanabwere anali 57. Kuno kum'mwera kwa Sahara chiwerengerocho chinali 89. Ife a ku Zimbabwe timanyadira kuti anthu athu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo n'zoona. Koma kuwerenga chikwangwani cha kombi (minibasi) n'kwina, kukhala pansi ndi masamba 10 n'kudzuka ukudziwa zimene wolembayo akunena n'kwinanso.

Tsono tinene kuti mwamumvetsera ndipo wawerenga bwino, wafotokozanso bwino. Pamenepo vuto lili pena, ndipo n'zimene zakhala zikundisautsa mumtima kwa zaka zambiri.

Atate anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo ine ndinakulira ku Highfield. Kalata ikabwera kuchokera kumudzi, akuluakulu a nyumba zoyandikana amene sanapiteko kusukulu ankatuma mwana kudzandiitana. Ndinali Giredi 4. Ankandikhazika pa mpando, eniake atakhala pa mphasa, ine n'kumawerenga: mvula yagwa mochedwa, auje atisiya, mwana wa auje wakwatiwa ku Ntcheu, denga likudontha, tumizani bulangete. Ndikaphonya liwu ankandibweza kuti ndibwerezenso, chifukwa nkhaniyo inali ya moyo wawo. Mayi wina anandiwerengetsa kalata imodzi katatu, misozi ili mbwembwembwe, kenako anaipinda n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Tikatero ndinkatenga cholembera n'kulemba yankho monga momwe ankandiuzira. Palibe anandiuzapo kuti kuwerenga n'kofunika. Ndinkadzionera ndekha kuti akuluakulu akudikira mawu otuluka pakamwa panga.

Lero kalata ija inasanduka voice note. Sindikuinyoza, n'chinthu chabwino kumva mawu a mwana wanu ali ku Johannesburg nthawi yomweyo. Koma taonani chimene chatayika: pakhomo palibenso amene akufuna kuti mwana amuwerengere kanthu. Nyuzipepala imene inkayenda mzere wonse wa nyumba mpaka kuthera pa kukulungira tomato, ndi ochepa amene akuigula. Chionetsero cha mabuku cha Zimbabwe International Book Fair, chimene chinayamba mu 1983, chinkadzaza Harare Gardens ndi ana a sukulu, ndipo ine ndinkapita nawo ana anga a kalasi kukagwira mabuku atsopano ndi kuona alembi ndi maso. Chuma chitasokonekera, makamaka cha m'ma 2008, buku la nthano linakhala chinthu chomaliza chimene kholo lingagule. Mukayenda m'tauni lero, zambiri zimene zayalidwa m'mphepete mwa msewu ndi mabuku a silabasi ndi mapepala a mayeso akale. Ifenso aphunzitsi tili ndi mbali yathu. Timapatsa ana manotsi oti aloweze, chifukwa timaweruzidwa ndi zotsatira za mayeso. Ntchito za CALA, zimene ana ankachita mkati mwa chaka n'kuwerengeredwa pa zotsatira za mayeso, zitayamba mu 2021, ndinalandira mapepala ambirimbiri okopedwa pa intaneti, olembedwa mwaukhondo, eniake osadziwa chimene chili m'menemo. Mapeto ake mwana amakula akudziwa buku ngati mankhwala owawa amene amamwa mayeso akayandikira.

Mwina mungafunse kuti vuto lake n'chiyani, poti zonse amazipeza pa foni. Ndiyambe ndi za sukulu, poti n'zimene zakudetsani nkhawa. Mwatchula Chingerezi, Sayansi ndi Mbiri, ndipo sindikudabwa kuti zagwera pamodzi. Kupatula maphunziro a zilankhulo zathu, mayeso a O Level a ZIMSEC, bungwe la mayeso la dziko lino, amalembedwa m'Chingerezi, ngakhale Masamu ali ndi mafunso a mawu. Ana ambiri amalephera funso la Sayansi pamene Sayansiyo akuidziwa, koma sanamve chimene funsolo likufuna. Ndipo mukudziwa nokha kuti makoleji ndi olemba ntchito ambiri amafuna maphunziro asanu a O Level, Chingerezi chili momwemo. Mawu amene ali m'mabuku a Fomu 3 ndi 4 sapezeka m'macheza a pamsewu kapena m'mavidiyo afupiafupi, amapezeka m'mabuku momwemo. Akatswiri a zilankhulo anapeza kuti munthu amafunika kudziwa mawu pafupifupi 98 mwa 100 alionse a pa tsamba kuti amvetse bwino popanda womuthandiza. Ndiye amene amawerenga amatola mawu atsopano, kuwerenga n'kumamupepukira, iye n'kumawerengabe. Amene sawerenga amatsalira, buku n'kumamulemera chaka ndi chaka. Katswiri wina, Keith Stanovich, analemba za zimenezi mu 1986 ndipo anazitcha dzina lochokera pa Mateyu 25:29, pamene pakunena kuti amene ali nazo adzapatsidwa zina, koma amene alibe adzalandidwa ngakhale chimene ali nacho. Inu a chigwirizano vesi limeneli mukulidziwa bwino.

Koma mayeso amatha. Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mnyamata wa zaka 22 amene akusayina pepala la ngongole, la lendi kapena la ntchito atangowerenga mzere woyamba, chifukwa sanazolowere kufika pansi pa tsamba. Mauthenga achinyengo olonjeza ntchito kunja amayenda tsiku ndi tsiku pa WhatsApp, ndipo amakola amene alibe chizolowezi choima n'kufunsa kuti kodi walemba izi ndani, akufuna chiyani. Palinso china chimene sichilembedwa pa lipoti. Mnyamata amene amake ali kutali amakhala ndi zambiri mumtima zimene sangauze agogo ake. Nkhani yabwino imamuonetsa munthu wina amene anadutsa momwemo, ndipo imamupatsa mawu otchulira chimene chikumuwawa.

Nanga foni? Mbali yake ilipo ndithu. Mavidiyo a TikTok ndi ena otero amasintha pakangopita masekondi ochepa, ndipo mutu ukazolowera liwiro limenelo, tsamba la buku limaoneka ngati laima. Komanso mwati amagona akatsegula buku. Kodi foniyo imagona kuti usiku? Mwana wa msinkhu wake amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo ana ambiri amene ndawaona akuwodzera m'kalasi anachezera pa foni atafunda bulangete kumutu. Ngakhale zili choncho, kumulanda sindikuvomereza. Foniyo ndi chingwe chimene chikumulumikiza ndi amake, ndipo mukaidula adzamva ngati mwamulanda mayi. Adzabwereka ya mnzake, ndipo buku lidzakhala mdani amene anamulanditsa foni. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi pangano: ikakwana 9 koloko usiku foni ikagone kuchipinda kwanu, m'mawa aitenge. Pangano limeneli alinene ndi amake pakamwa pawo, inu muli pomwepo, kuti asaone ngati ndi nkhanza za agogo.

Tsopano mumubwezere kuwerenga ntchito yake pakhomo panu. Musamuuze kuti "kawerenge", muuzeni kuti "tandiwerengere". Pepala la mankhwala a kuchipatala, bilu ya madzi, uthenga wa pa gulu la mpingo, zonsezi zizidutsa pakamwa pake. Pemphani amake kuti Lamulungu lililonse, m'malo mwa voice note, azilemba uthenga umodzi wautali wa nkhani za kumeneko, iye akuwerengereni, inu munene yankho, iye alembe. Ngati muli ndi Buku Lopatulika, monga zilili m'nyumba zambiri za anthu a kwathu, akuwerengereni mavesi angapo musanagone. Nkhani za Yosefe ndi abale ake kapena za Davide ali mnyamata zimakoka ana aamuna kuposa momwe timaganizira.

Musaope kuti Chichewa chidzamusokoneza Chingerezi. Luso lotsatira chiganizo mpaka kumapeto ndi limodzi, ndipo limasamukira ku chilankhulo china. Poti anaphunzira kuwerenga Chishona kusukulu, Chichewa sichidzamuvuta kwenikweni. Adzapunthwa pa chilembo l chimene m'Chishona cholembedwa mulibe, pa ph, th ndi kh, ndiponso pa ng', poti iwo amalemba n'anga pamene ife timalemba sing'anga. Masabata awiri kapena atatu adzakhala atazolowera, ndipo apa inuyo ndi amene mudzakhale mphunzitsi wake, chinthu chimene ana amachikonda mobisa. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pa mndandandawo ndi chimene chili poyamba. Komabe zidzukulu zathu zambiri za ku Mabvuku, Tafara, Mbare ndi Epworth zimachimva chabe osatha kuchiwerenga. Zimenezi zimandipweteka.

Pambali pa zimenezo, pakhale mphindi 15 pa tsiku za buku limene wasankha yekha. Zikuoneka zochepa, koma pa chaka ndi maola oposa 90. Likhale losavuta, ngakhale lioneke lachibwana. Ngati ndi la mpira, la magalimoto kapena la zigawenga ndi apolisi, musiyeni. Nthawi imeneyo nanunso khalani pomwepo ndi chanu chowerenga, wailesi itatsekedwa. Magetsi akazima, kanyali ka sola kamakwana anthu awiri. Akamaliza musamufunse ngati mayeso. Funsani monga munthu wofuna kudziwa: ndiye munthu uja wamugwira? Tsiku lina la tchuthi kwerani naye kombi mupite ku Harare City Library ku Rotten Row, laibulale imene inayamba mu 1902, akaone mashelefu ndi maso ake, mukafunse za kalembetsedwe. Pakati pa mabuku a silabasi a m'mphepete mwa msewu aja mumapezekanso mabuku akale a nthano otsika mtengo. Mupatseni ndalamayo asankhe yekha. Foni yomweyonso ingathandize: pa intaneti pali African Storybook, pamene pali nkhani zaulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, zoyenera makamaka ngati mwapeza kuti akufunika kubwerera pa zosavuta. Achinyamata ambiri muno akuwerenganso nkhani za Chishona zotuluka chigawochigawo pa WhatsApp. Kumeneko n'kuwerenga ndithu, koma zina ndi za akuluakulu, choncho muzimufunsa kuti nkhaniyo ikunena chiyani.

Musagwiritse ntchito buku ngati chilango, ndipo musamuyerekeze ndi msuweni wake amene amakhoza. Ngati pali malume wake kapena mkulu wa mpingo amene mnyamatayo amamulemekeza, mupempheni azimubwereka buku n'kumadzamufunsa maganizo ake. Anyamata ambiri sanaonepo mwamuna wamkulu akuwerenga chifukwa chongokonda.

Za maphunziro apadera olipira, chenjerani ndi ndalama za mwana wanu. Funsani mphunzitsiyo kuti adzachita chiyani kwenikweni. Ngati yankho ndi mapepala a mayeso akale basi, ndipo mdzukulu wanu vuto lake ndi kuwerenga kwenikweniko, mudzalipira chaka chonse popanda kusintha. Amene akufunika ndi wokhala naye pansi n'kumamumvetsera akuwerenga.

Pali zizindikiro zina zimene simuyenera kudikira nazo. Ngati amadandaula mutu akawerenga, amatsinzinira, amayandikitsa buku kumaso, maso amatuluka misozi kapena amati zilembo zikuvina, pitani naye akapimidwe maso. Ndaona ana angapo amene "ulesi" wawo unatha tsiku limene anavala magalasi. Ngati amakonda kunena kuti "mwati chiyani" kapena anadwalapo makutu kawirikawiri ali wamng'ono, apimidwenso makutu. Ngati pakamwa ndi wanzeru koma powerenga amasokoneza b ndi d, amadumpha timawu tating'ono, amalemba liwu limodzi m'njira zitatu pa tsamba limodzi, makamaka ngati m'banjamo muli wina amene anavutikapo chimodzimodzi, likhoza kukhala vuto lotchedwa dyslexia. Si ufiti, si kupusa, ndipo mwana wotere amaphunzira bwino akaphunzitsidwa mwa njira yomuyenera. Kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi yake ndi ahedi, mupemphe kuti amutumize kwa akatswiri a zamaganizo a ana a mu Unduna wa Maphunziro a Pulayimale ndi Sekondale kuti akamuyeze. Popita tengani makope ake a Chingerezi ndi malipoti a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi.

Chomaliza ndi cholemera, koma ndiyenera kuchitchula. Ngati kusiya buku kwabwera pamodzi ndi kusiya kudya, kusiya anzake akale, kudzitsekera m'chipinda, kukwiya msanga, kusowa kwa ndalama kapena katundu m'nyumba, kapena kukhala masiku osagona, nkhaniyo yaposa ya mabuku. Kungakhale kuvutika maganizo chifukwa chosowa amake, kungakhale kuzunzidwa ndi anzake kusukulu, ndipo m'madera athu muno mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro awononga anyamata a msinkhu womwewu. Pamenepo uzani amake tsiku lomwelo ndipo pitani naye kuchipatala cha m'dera lanu.

Ngati zonsezi palibe, yesani zimene ndanenazi kwa teremu imodzi yathunthu. Masabata oyamba adzang'ung'udza, musabwerere m'mbuyo. Teremuyo ikatha osaona kusintha ngakhale pang'ono pa kawerengedwe kake mokweza, pitani kusukulu mukakambirane ndi aphunzitsi ake. Ndipo mukamumvetsera madzulo oyamba aja, mundilemberenso, mayi, mundiuze buku limene anawerenga, zala zimene anapinda, ndi zimene anakufotokozerani bukulo litatsekedwa.